Ya #FeesMustFall ija sinali nkhani ya fizi yokha, tamvani za amayi okolopa

Moni moni abale anga, takulandiraninso! Lero tili ku Joni, chaka cha 2015. Musathawe msanga, dikirani nambala 2 chifukwa pali bodza lina limandiwawa zedi.

1. Mwachangu: October 2015 yunivesite ya Wits ku Johannesburg inalengeza kuti fizi ikwera ndi 10.5%. Pa 14 October ophunzira anatseka mageti, moto unafalikira ku mayunivesite a Cape Town, Rhodes, Pretoria konse, pa 23 October Jacob Zuma, pulezidenti wa South Africa nthawi imeneyo, analengeza kuti 2016 fizi sikwera. Izi ambiri mukuzidziwa, tiyeni tipitirire.

2. Bodza lija ndi ili. Mumva anthu akuti "aaa ana amenewo ankangofuna sukulu yaulere, ankaganiza za matumba awo basi." Ayi ndithu! Taonani madeti. Pa 6 October, patatsala sabata yathunthu kuti za fizi ziyambe, ophunzira, antchito ndi aphunzitsi ena anali atachita kale zionetsero ku Wits ndi ku University of Johannesburg, ndipo nkhani yake inali outsourcing. Ngakhale ophunzira a gulu la Rhodes Must Fall ku University of Cape Town (UCT), omwe aja anagwetsa chiboliboli cha Cecil Rhodes mu April, pa mndandanda wa zofuna zawo outsourcing inalipo.

Outsourcing nchiyani? Tiyerekeze mayi amene akukolopa mu hostel, 6 koloko m'mawa ali kale ndi ndowa ndi mopu. Amagwira pa yunivesite tsiku ndi tsiku, mwina zaka khumi, koma yunifolomu yake yalembedwa dzina la kampani ina, bwana wake ndi kontrakitala, yunivesite imangolipira kampaniyo ndiye malipiro akachepa akuti "pitani kwa abwana anu, ife sitinakulembeni." Zinayamba cha mu 1999 ku UCT ndi 2000 ku Wits, komwe antchito oposa 600 anachotsedwa, ena nkubwereranso pa ntchito yomweyo kudzera m'makampani koma ndalama zitatsika, medical aid palibe. Ndipo chimene chimandipweteka mtima ine ndi ichi: wantchito wa yunivesite mwana wake ankachotseredwa fizi, koma mayi wa kontrakitala uja ayi, ankakolopa kalasi yomwe mwana wake sakanakwanitsa kulowamo. Ndiye munene kuti fizi ndi outsourcing nzosiyana? Ophunzira ambiri akuda amayi awo kunyumba ankagwira ntchito zomwezi, nchifukwa chake ankati awa ndi makolo athu, ndipo pa zionetsero ankaimba limodzi.

Inu amene muli ku Joni mukugwira za ulonda, za m'garden kapena zoyeretsa kudzera mwa agent, ndikudziwa izi sizachilendo kwa inu. Lembani mu ma comment, kodi kontrakiti yanu munaionapo ndi maso? Ndimawerenga onse. Komanso dinani subscribe ndi kabelu kaja, nzaulere, zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena.

3. Zotsatira zake. Zuma atalengeza 0% ambiri ankaganiza kuti basi ana abwerera m'kalasi. Sanabwerere, anati antchito nawo bwanji? Kumapeto kwa October yemweyo UCT, pansi pa mkulu wake Max Price, inasainirana ndi bungwe la antchito la NEHAWU kuti oyeretsa, alonda, ophika ndi ena alembedwe ndi yunivesite yeniyeni, ndipo mu July 2016 anthu pafupifupi 1,000 analowa. Wits, komwe mkulu wake anali Adam Habib, nayo inavomera patangopita masiku ochepa ngakhale kukwaniritsa kwake kunatenga nthawi.

4. Koma ndinene chilungamo, amene anaika khosi pa mpeni kwambiri anali antchitowo. Wophunzira akagwidwa pamabwera maloya ndi makamera, pomwe mayi wa kontrakitala akajomba tsiku limodzi kupita ku zionetsero mawa lake akhoza kupeza wina wavala kale yunifolomu yake. Iwowa anayamba kulimbana ndi izi zaka zambiri ophunzira asanabwere, ndiye tikamatchula mayina a atsogoleri a ophunzira okha timawalakwira.

Sabata yamawa tikamba za 2016, pamene zinthu zinafika povuta apolisi atalowa pa campus. Vidiyoyi itumizeni pa WhatsApp kwa m'bale wanu amene ali ku Joni. Tionana Lachisanu!