Cheeseburger: Muli Chakudya Kapena Ndi Mankhwala Okhaokha?

Takulandirani anzanga! Lero tikuisenda cheeseburger, tione zomwe zili m'kati. Musachoke msanga, chifukwa pa chachitatu pali bodza lomwe landitopetsa pa WhatsApp.

Choyamba, mwachangu. Cheeseburger wamba ya McDonald's ku America ili ndi ma calorie pafupifupi 300 ndi magalamu 15 a puloteni. M'nyama ya ng'ombe muli ayironi ndi vitamini B12, m'tchizi muli kashiamu. Masamba? Tizidutswa ta anyezi ndi ta nkhaka basi, musadzinamize.

Chachiwiri, mchere. Baga imodzi yomweyi ili ndi sodium (yomwe imapezeka mu mchere) yopitirira mamiligalamu 700, pomwe bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike 2,000 patsiku. A BP, mwamva? Mukadya ziwiri, theka la mlingo wa tsiku lonse lapita kale n'kupitirira.

Dinani subscribe tisanapitirire, ndi kabelu komwe. Mwadina? Tiyeni.

Chachitatu, bodza lija. Akuti baga za McDonald's siziwola chifukwa ndi pulasitiki ndi mankhwala. Umboni wawo ndi chithunzi cha ku Iceland. Nkhaniyo ndi yoona: McDonald's itatsala pang'ono kutseka ku Iceland mu 2009, bambo wina anagula cheeseburger ndi chipisi n'kuzisunga, ndipo papita zaka zambiri baga ija ikuonekabe ngati baga.

Koma chifukwa chake si mankhwala ayi. Ndi madzi! Nyama ya mu baga imeneyi ndi yopyapyala, yowotchedwa mpaka kupsa bwino, yothiridwa mchere. Ikasiyidwa pamtunda imauma msanga chuku chisanamere, ndipo chuku sichimera pouma. Inu amene mumagula usipa wouma pamsika n'kuusunga miyezi, munamvapo kuti muli pulasitiki?

Mu 2010, wolemba za zakudya J. Kenji López-Alt anayesa zimenezi. Anaphika baga kunyumba, kukula kofanana ndi ya McDonald's, n'kuzisiya zonse pamtunda. Zonse zinauma osawola. Zomwe anazimanga m'pepala la pulasitiki kuti chinyezi chisatuluke zinachita chuku, ya McDonald's yomwe. Ndiye amalume a m'gulu la banja akakutumizirani chithunzi chija, atumizireni vidiyo ino. Mwaulemu, chonde.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti anthu akuopa pulasitiki yemwe kulibe, koma mchere ndi mafuta a nyama ndi tchizi, omwe alimodi, sakuwayang'ana.

Chachinayi: vuto lalikulu nthawi zambiri ndi zoperekeza. Chipisi chachikulu chimaposa baga yeniyeniyo pa ma calorie, ndipo chitini cha Coca-Cola cha 330 ml chili ndi magalamu pafupifupi 35 a shuga. Gulani baga, tengani madzi, chipisi mugawane.

Anzathu a ku Joni, kumene McDonald's ili ponseponse, lembani m'munsimu kuti mumadya kangati pamwezi. Sabata yamawa tikambirana za chipisi cha pa chiwaya ndi mafuta obwerezabwereza aja.