Kuyeza ndi kukonza fuloti mu kabuleta ya Honda CB750 yakale

Moni amakaniko nonse amene mukumvera. Lero tili pa fuloti, ndipo njinga yathu yamoto ndi Honda CB750, ija ya masilinda anayi, yopangidwa kuyambira 1969 mpaka 1976, ya makabuleta anayi a Keihin.

Ntchito ya fuloti ndi imodzi basi: kusunga petulo pa mlingo umodzi m'kambale ka pansi pa kabuleta. Petulo akamalowa, fuloti imayandama, imakankha singano, singano nkutseka njira yolowera petulo. Mlingowo ukakwera kwambiri, petulo amadontha pa kapaipi kotayira, mapulagi amada bii ndi mwaye, injini ikatentha imavuta kuliza. Ukatsika, njinga imaliza bwinobwino, koma mukaikoka pamtunda imatsamwa ngati mafuta atha. Ambiri apa amathamangira kusintha majeti, tizitsulo ta timabowo todutsa petulo popita mu injini. Musayambire kumeneko, chifukwa jeti imakoka petulo kuchokera pa mlingo umenewu, ndiye mlingo ukalakwika jeti iliyonse ikunamizani.

Tsekani mpopi wa petulo, khuthulani timbale tonse, tsitsani makabuleta. Chitani izi panja, ndipo wosuta fodya akhale patali. Kambale kalikonse kamagwidwa ndi kawaya kokhota, mukakakankhira pambali kambale kamatuluka. Zitsulo za kabuleta imodzi musazisakanize ndi za inzake.

Musanayeze kanthu, onani kaye ngati zidazo zili zamoyo. Kankhani kamtanda kogwira fuloti ndi dzanja kapena ndi kachitsulo kowonda. Hamala ayi. Timizati togwira kamtandako ndi tofewa, kamodzi kakathyoka ndiye kuti kabuleta yapita. Fuloti ikakhala ya mkuwa igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva madzi mkati, yabooka. Iviikeni m'madzi otentha, thovu likuonetsani pamene pali bowo. Singano nayo iyang'aneni kunsonga: ngati yadyeka mzere wozungulira umene chikhadabo chikukodwapo, gulani ina pamodzi ndi mpando wake, pamene singano imakhala potseka. Kumbuyo kwa singano kuli kapini ka sipuling'i. Kadinikizeni, kazibwerera kokha. Kakamata, muyeso wanu wonse ukhala wabodza.

Tsopano muyeso weniweni. Pa njinga iyi ndi mamilimita 26, kuchokera pankhope ya kabuleta pamene kambale kamakhala, gasiketi mutachotsa, kukafika pansi pa fuloti. Za 1977 ndi 1978 zili ndi makabuleta ena ndi nambala ina, ndiye 26 musaitengere kumeneko. Ngati mulibe veniya, chida choyezera mamilimita, dulani katoni yolimba ioneke ngati khomo, miyendo iwiri, kuya kwake mamilimita 26 ndendende.

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa, mvetserani. Musatembenuze kabuleta chadodolido. Kulemera kwa fuloti kumakanikiza kapini ka sipuling'i kaja, ndiye mumawerenga nambala yochepa, nkupinda chinthu chomwe chinali bwino. Imikani kabuleta chammbali, fuloti izilendewera, kenako pendeketsani pang'onopang'ono mpaka kalilime ka fuloti, kachitsulo kokankha singano, kangokhudza kapini, osakalowetsa. Yezerani pomwepo. Ndipo yezani mbali zonse ziwiri za fuloti. Ina ikakhala 25 ina 27, fulotiyo yapotoka, iwongoleni kaye.

Kukonza kwake ndi kupinda kalilime kokha, osati mkono wa fuloti. Chotsani fuloti, pindani ndi sikuludilaiva yaing'ono kapena pulayazi ya kamwa lalitali. Pang'ono kwambiri, chifukwa kalilime kali pafupi ndi mtanda, ndiye kakasuntha pang'ono fuloti imasuntha kwambiri. Kumbukirani kuti nambala imayenda mobwerera: mukapindira kalilime ku singano, nambala imakula, singano imatseka msanga, petulo amatsika. Mukakapindira kutali ndi singano, petulo amakwera. Bwezerani, yezaninso, kenako pitani ku kabuleta yotsatira. Anayi onse afanane.

Mwamanga zonse? Musakhulupirire rula yekha. Imikani njinga pa sitandi yapakati, pamalo osapendekeka. Mangani kapaipi koonekera mkati pa bowo lokhuthulira petulo, kakhoteni kuloza kumwamba pambali pa kabuleta, tsegulani mpopi. Petulo akwera m'kapaipimo nkuima pa mlingo womwe uli mkati. Amakaniko ambiri amafuna aime mamilimita 3 kapena 4 pansi pa mzere wa gasiketi. Gogodani kapaipi kuti mpweya utuluke, dikirani mphindi ziwiri zitatu. Akamakwerabe pang'onopang'ono, singano sikutseka, mwina kadzimbiri kochokera m'thanki kakhala pampando.

Nthawi zina fuloti ili bwino, singano ndi yatsopano, koma pansi pakudonthabe. Yang'anani kapaipi ka mkuwa koima m'kati mwa kambale. Kamang'aluka m'litali, mng'alu wake wosaoneka bwino ndi maso. Thirani petulo m'kambale kali m'manja, muone ngati akutuluka asanafike pamwamba pa kapaipiko.

Chinanso, petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka madzi komanso amaononga labala wakale. Njinga ikati ikhale miyezi osayenda, tsekani mpopi, khuthulani timbale tonse tinayi, ndipo pa paipi yochokera m'thanki ikanipo kafyuluta.