Phula la M'khutu Sitichotsa ndi Kamtengo

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Lero tikambirane za phula la m'khutu. Ndikudziwa kuti ambiri, khutu likangoyabwa, timathamangira kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku, kapena timitengo tathonje tija togula m'golosale. Chonde, zimenezi tileke.

Phula lija si litsiro ayi. Thupi limalipanga dala, chakukhomo kwa khutu, kuti lizikola fumbi ndi tizilombo, komanso kuti khungu la mkatimo lisaume. Ndipo khutu limadziyeretsa lokha. Mukamatafuna kapena kuyankhula, nsagwada zimagwedeza ngalande ya khutu, phula n'kumasendera kunja pang'onopang'ono. Ntchito yanu ndi kungopukuta lomwe latulukira kale, ndi kansalu konyowa pa chala.

Tsono mvetsetsani apa. Ngalande imeneyi ndi yaifupi, kwa munthu wamkulu pafupifupi masentimita 2.5 basi, ndipo kumathero kwake kuli kanembanemba kopyapyala komwe timamvera. Mukalowetsa kamtengo, lotuluka limakhala lochepa. Lambiri mumalitsendera mkati monga timachitira ndi chimanga m'thumba. Likalimba mmenemo, khutu limatseka, mwina n'kumalira. Ndiye taganizani, muli mkati motokosa, mwana n'kukugundani chigongono. Kanembanemba kaja kabooka.

Nanga likatseka titani? Tilifewetse. Pezani mafuta a olive aukhondo, kapena mankhwala odonthezera m'khutu a sodium bicarbonate ku famase. Osawatenthetsa pamoto, kungofumbata botolo m'manja kwakwana. Gonani chammbali, khutu lovutalo liyang'ane kumwamba, wina akudonthezereni madontho awiri kapena atatu, mukhale chigonere mphindi 5 mpaka 10. Muzitero katatu pa tsiku kwa masiku 3 mpaka 5. Poyamba mwina mumva ngati latsekeratu, musadandaule. Phula limatuluka lokha, nthawi zambiri muli mtulo, ndipo zitha kutenga masabata awiri. Pamafunika kudekha, osati mphamvu.

Koma amayi, apa ndiye pondidetsa nkhawa. Khutu likamapweteka, likamatuluka mafinya kapena magazi, mwana akatentha thupi, kapena munauzidwapo kuti kanembanemba kanabooka, musathiremo kanthu. Mafuta ayi, madzi ayi, madzi a masamba ayinso. Mafinya si phula, ndi matenda, ndipo mwana wotuluka mafinya nthawi yaitali amatha kugontha, kusukulu aphunzitsi n'kumamuyesa wamwano pomwe sakumva. Wotereyu apite kuchipatala msanga.

Chimodzimodzinso ngati mwadontheza, masabata awiri atha, koma khutu likadali lotseka. Yambirani pa chipatala chathu chaching'onochi, akaunikemo ndi katochi kawo. Zikawakulira adzakulemberani kalata. Akatswiri a makutu aliko ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndiponso ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe.