Voice note ya practical ya mawa, za ma mutant zija

Eee magaye, ndine, ndikujambula ndili kuno ku Chirunga ndiye mukamva phokoso dziwani ndi a mpira awo. Poti ena simunabwere mkalasi ndati ndikuuzeni zokachita ku labu mawa.

Tikusaka bakiteriya amene majini ake asintha, ma mutant. Ena savuta nkomwe, aja mankhwala sawapha aja. Mutenga bakiteriya wa E. coli wambirimbiri, mumupaka pa puleti ya agar (chakudya cholimba ngati jeli chomeretsera bakiteriya) yomwe muli streptomycin, mankhwala opha bakiteriya, muyika mu incubator pa 37 degrees agone momwemo, kukacha chomwe chamera pamenepo ndiye mutant wanuyo, enawo mankhwala athana nawo. Basi.

Ozunguza mutu ndi ma auxotroph. Awa kusinthako kunawalanda mphamvu yodzipangira chinthu china chofunika, tinene amino acid (tizidutswa tomangira mapuloteni) ngati histidine, ndiye pa minimal medium pomwe pali glucose ndi timichere basi samera. Nanga chinthu chosamera uchiona bwanji? Apa mpomwe Joshua ndi Esther Lederberg anatulukira replica plating, njira yodindira bakiteriya a pa puleti imodzi pa mapuleti ena, mu 1952, ndi kansalu ka velvet chabe.

Mvetserani bwino apa. Muyambe mwawalitsa bakiteriya wanu ndi UV kuti ma mutant achuluke, poti mwa okha amapezeka mwa apo ndi apo kwambiri, koma maso anu ndi khungu zisaone kuwalako. Kenako dilution, musungunule ndithu kuti pa master plate, puleti yoyamba ya complete medium yomwe muli zakudya zonse, ma colony, timagulu ta bakiteriya tooneka ngati timadontho, akamere motalikirana, chifukwa akathithikana simudzadziwa kuti uyu ndi uti. Akamera, mukulunge velvet yopita kale mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, pa kathabwa kozungulira, muvundikire master plate pamwamba pake pang'onopang'ono, osakanikiza ngati mukulimbana nayo, osapotoza, kungokhudza basi ngati chidindo cha amfumu pa kalata. Muchotse, mudinde puleti ya minimal, ndipo yomaliza ikhale ya complete kuti mutsimikize kuti velvet inanyamuladi colony iliyonse.

Ndipo chonde, musanadinde mulembe kamzere ndi marker kunsi kwa mapuleti onse, mbali imodzimodzi. Anthu amakaderera kamzereka koma ntchito yonse yagona pamenepo, chifukwa tsiku lotsatira mukagundaniza mapuleti pa kuwala mukufuna malo amene pa complete pali colony koma pa minimal pali mbee. Mpata umenewo ndiye auxotroph wanu. Mubwerere ku master plate mukamutole ndi loop, kawaya kotolera bakiteriya, pamalo omwewo, mumuyese pa minimal yothira histidine, ina yothira leucine, choncho choncho mpaka amere, apo mwadziwa chimene amasowa.

Akakufunsani za penicillin enrichment, ija ya Bernard Davis ya 1948, nzeru yake ndi yoti penicillin amapha bakiteriya okhawo amene akukula, poti amasokoneza kumanga kwa cell wall, khoma lokuta bakiteriya. Ndiye mu minimal yamadzi yothira penicillin abwinobwino aja amakula nkuphulika, auxotroph wangokhala phee osakula, wapulumuka. Koma musawasiye nthawi yaitali, ophulikawo amataya zam'kati mwawo, auxotroph akadya zimenezo ayamba kukula naye nkufa. Muchite centrifuge, kuzunguza pa makina kuti bakiteriya akhale pansi, mutsuke penicillin achoke, kenako pa complete.

Mukamaliza velvet ndi mapuleti onse mu autoclave, 121 degrees mphindi 15, osati mu bini. Amene ali ndi marker yosafufutika abwere nayo.