Makalata Anu: Wakuba Tchizi ndi Wothira Mankhwala mu Mkaka

Takulandiraninso omvera athu. Sabata yatha tinakamba za chakudya ndi umbanda, ndipo makalata abwera ambiri. Ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina amene ndi mlonda pasitolo. Akuti: "Ine ndimagwira anthu akuba zakudya pafupipafupi. Ena ukangowayang'ana umaoneratu kuti ndi njala. Kodi munthu wotere ndi mbava?"

Bambo, funso limeneli limawazunguza mutu ngakhale oweruza. Mu 2016, khothi lalikulu la ku Italy linamasula munthu wina wosowa pokhala amene anatenga tchizi ndi soseji za mayuro 4 m'sitolo ina ku Genoa. Makhothi aang'ono anali atamugamula miyezi 6 kundende ndi chindapusa cha mayuro 100. Lalikululo linati iye anangotenga zochepa zoti aphe nazo njala ya nthawi yomweyo, choncho palibe mlandu. Anaba mu 2011, nkhani n'kudzatha patapita zaka 5. Chifukwa cha tchizi! Koma musakawauze abwana anu kuti wailesi yati muziwasiya, chigamulo chimenecho n'cha ku Italy. M'mayiko ambiri kuba ndi kuba basi, njala imangothandiza kuti chilango chichepe.

Yachiwiri ndi ya mayi wina. Akuti mwana wawo wamwamuna wayamba ndewu kusukulu, ndipo achibale akuti ndi zotsekemera zimene amadya.

Mayi, shuga amanamiziridwa zambiri. Mu 1995 akatswiri ku America anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana ndipo sanapeze kuti shuga amasokoneza khalidwe la ana. Komabe chakudya chili ndi mbali yake. Mu 2002, wofufuza wina, Bernard Gesch, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'ndende ya achinyamata ya Aylesbury ku England. Mwa akaidi 231, ena ankapatsidwa mavitamini ndi michere ina, ena mapiritsi opanda kanthu, osadziwa kuti walandira chiti ndani. Olandira mavitaminiwo anachepetsa kuphwanya malamulo a ndende ndi pafupifupi 26 peresenti. Ndiye muonetsetse kuti mwanayo akudya mokwanira, koma mukhalenso naye pansi, mumve chimene chikumutentha mumtima.

Yachitatu ndi imene yandigwira mtima. Aphunzitsi ena alemba kuti: "Mukangoti chakudya ndi umbanda, aliyense amaloza mphawi. Nanga ogulitsa zakudya zachinyengo bwanji simuwatchula?"

Aphunzitsi, mwalasa. Tiyeni tiwatchule. Mu 2008 ku China, anthu ena ankathira madzi mu mkaka kuti uchuluke. Vuto lawo linali loti mkaka wosungunula umagwidwa poyeza, chifukwa zomanga thupi zimachepa. Ndiye anayamba kuthiramo melamine, mankhwala opangira mapulasitiki. Makina oyezerawo kwenikweni amawerenga nitrogen, chinthu chimene chimapezeka mu zomanga thupi, ndipo melamine ali nayo yambiri, moti mkaka wamadziwo unkaoneka ngati wabwino zedi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkakawo unapangidwa wa ufa n'kukafika m'mabotolo a makanda, makamaka kudzera ku kampani ya Sanlu. Ana pafupifupi 300,000 anadwala, ambiri anachita timiyala mu impso, ndipo boma linalengeza kuti 6 anamwalira. Mu 2009 anthu awiri anaphedwa ataweruzidwa pa mlanduwu.

Ku Spain mu 1981 kunachitika zofanana. Mafuta oyenera kugwira ntchito m'mafakitale ankagulitsidwa m'misewu m'zigubu zopanda chizindikiro ngati mafuta ophikira otsika mtengo. Anthu pafupifupi 20,000 anadwala, oposa 300 anamwalira. Ogula ake anali ndani? Mabanja osauka, omwe aja timafulumira kuwaloza chala. Nayo nyama ya hatchi imene inapezeka mu 2013 ikugulitsidwa ngati ya ng'ombe m'mayiko a ku Ulaya inadutsa m'manja mwa amalonda a m'mayiko angapo isanafike m'sitolo, ndipo palibe mlonda wa pakhomo akanaigwira. Wakuba tchizi amaonekera pa kamera tsiku lomwelo, pamene awa amadziwika chipatala chitadzaza kale.

Nthawi yatithera. Bambo amene mwafunsa za zigawenga zokakamiza alimi a mapeyala ku Michoacán m'dziko la Mexico kuzipatsa ndalama, kalata yanu ndaisunga, tidzayambira pamenepo sabata yamawa.