Wa ku Johannesburg pa galimoto: udzere ku Kazungula, mphwanga

Mphwanga, wadzuka bwanji? Nanga adzukulu anga ndi amayi awo? Ife kuno ku Matero, mu Lusaka, tadzuka bwino. Uthenga wako ndaumva, ndipo poti nkhani yake ndi yaitali ndati ndingoyankhula, zolemba zingandichedwetse. Upeze pokhala, umvetsere mpaka kumapeto, ndipo akazi ako amve nawo chifukwa iwonso adzakhala m'galimoto momwemo.

Wati foni yakuonetsa njira ziwiri zopitira ku Johannesburg, ndiye yakusankhira ya ku Zimbabwe poti ndi yaifupi. Pa makilomita sinaname. Ukadzera ku Chirundu, Harare, Masvingo n'kukaolokera pa Beitbridge, ndi makilomita pafupifupi 1,600. Ukadzera njira ya ku Botswana, ya ku Livingstone, Kazungula, Nata ndi Francistown, ndi pafupifupi 1,800. Koma foniyo sidziwa kuti kumbuyo kuli ana, sidziwa kuti woyendetsa ndiwe wekha popanda wokulandira, sidziwanso kuti ndi Disembala. Ine ndikuti udzere ku Botswana. Pa ulendo wotere chimene umayamba kuwerengera ndi ichi: dzuwa likamalowa, ine ndidzakhala ndili pati? Njira ya ku Botswana imalola kuti udziikire wekha pogona. Ya ku Zimbabwe pa Disembala, pogona amakusankhira ndi mzere wa pa boda.

Ndisaipitse njira ya ku Zimbabwe, ndi njira ndithu, mabasi amadzera komweko tsiku ndi tsiku. Kuchoka pano mpaka Chirundu ndi makilomita pafupifupi 140 okha, ndipo kuyambira mu 2009 boda ya pamenepo ndi yoima kamodzi, a Zambia ndi a Zimbabwe amakuthandiza m'nyumba imodzi. Vuto ndi mapiri. Mbali yathu ino pali zitunda zotsikira ku chigwa cha Zambezi, za ku Kapiringozi zija, kumene mathiraki olemera amatentha mabuleki. Ukaoloka, umakweranso zina kupita ku Makuti, msewu wopapatiza, m'mphepete modyeka, thiraki patsogolo thiraki pambuyo. Karoi, Chinhoyi, mpaka Harare ndi makilomita pafupifupi 350, ndipo munthu umafika mapewa atauma. Kuchoka Harare kukafika Beitbridge ndi enanso pafupifupi 580. Msewu umenewo anaukonza mbali yaikulu, boda ya Beitbridge anaimanganso ndipo imagwira ntchito usana ndi usiku. Koma Khirisimasi ikayandikira, mabasi, mathiraki ndi anthu onse ogwira ntchito ku South Africa amakumana pa mlatho umodzi womwewo. Ukhoza kufika dzuwa lili pamutu n'kutulukapo ana atagona, njala itawapweteka, kenako uyambe kufunafuna pogona ku Musina, tauni yoyamba ya ku South Africa, pakati pa usiku. Ukanakhala wekha ndi mnzako woyendetsa, mwezi wina wake, ndikanati pita. Ndi banja, ayi.

Tsopano tamvera mmene uyendere.

Tsiku loyamba ndi lakwathu konkuno. Unyamuke m'bandakucha, upitirire Makeni ndi Chilanga magalimoto asanachuluke. Pa Shimabala pali tologeti, ndalama yake ikhale pafupi, usachite kuvundukula zikwama anthu akukuimbira mabelu kumbuyo. Ukaoloka mlatho wa Kafue, patsogolo pang'ono msewu umagawikana: wowongoka ndi wa ku Chirundu, wako ndi wokhotera kumanja. Pamapiri a Munali usapikisane ndi thiraki. Ngati sukuona bwino kutsogolo, khala kumbuyo kwake, itsike kaye. Kenako Mazabuka kwa nzimbe kuja, Monze, Choma, Kalomo, Zimba, Livingstone. Onse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 480. Pa Choma muime, ana atambasule miyendo, mudye. Ukafika ku Livingstone masana mtima udzakuuza kuti mphamvu zilipo, tiyeni tioloke lero. Usaumvere. Gonani pamenepo. Ngati nthawi ilipo ukawaonetse ana mathithi a Mosi-oa-Tunya, iwe ugone msanga.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndikufuna ulisunge m'mutu. Kuchoka ku Livingstone kukafika ku Kazungula ndi makilomita pafupifupi 70. Kale tinkaoloka pa pantoni, mathiraki ankagona pamzere masiku, koma mu Meyi 2021 anatsegula mlatho wa mamita 923, wokhota uja, ndipo pamenepanso boda ndi yoima kamodzi. Ufike m'mawa. Anyamata adzakuthamangira, wina ati ndine ejenti, wina ati ndisinthe ndalama. Uwapatse moni mwaulemu, koma pasipoti ndi mapepala a galimoto zisachoke m'manja mwako kufikira pa windo la ofesala wovala yunifolomu. Ulipire pa kauntala, ulandire lisiti. Akadinda, usangotseka pasipoti n'kuthamanga: uyang'ane masiku amene akupatsa, ako, a akazi ako ndi a mwana aliyense.

Ukangotuluka pa boda, mwetsa mafuta thanki idzaze, ngakhale ikhale yatha theka lokha. Kuchoka pa Kazungula kukafika Nata ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo pakati pake malo odalirika ndi Pandamatenga basi. Kwinako ndi tchire. Msewu ndi wowongoka, wopanda phiri, wogonetsa tulo, ndipo njovu zimaoloka paliponse pamene zafuna. Masana umaziona patali, zili chiimire m'mphepete zikuthyola nthambi. Ukaziona chepetsa liwiro, uime patali, usaimbe belu, usatsike kuti ujambule. Ikakhala ndi mwana, dikira mpaka zonse zitadutsa. Usiku ndi nkhani ina. Ng'ombe maso ake amawala nyali zikaigunda, koma njovu maso ali m'mwamba kumene nyali zako sizifika, ndipo khungu lake ndi mtundu umodzi ndi phula. Umangozindikira miyendo ili kale pa boneti. N'chifukwa chake ndakuuza kuti ugone ku Livingstone: chigawo ichi ndi cha dzuwa lili m'mwamba.

M'njira momwemo mudzapeza zipata za a zaulimi zoletsa matenda a ng'ombe a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Adzakuimitsani, nonse mutsike, muponde pa chiguduli chonyowa ndi mankhwala, nsapato zina zimene zili m'zikwama mutulutse nazonso muzipondetse pamenepo, galimoto idutse m'madzi a mankhwala. Choncho nsapato zonse muziike m'thumba limodzi pamwamba pa katundu, kuti musamasule buti yonse pa dzuwa. Adzatsegulanso kula bokosi, bokosi loziziritsira zakudya lija. Nyama yaiwisi imatsala pamenepo, ndiye uwauze akazi ako kuti kamba wa paulendo akhale wophika kale. Ku Botswana ng'ombe ndi chuma cha dziko, nyama yake amagulitsa kunja, choncho pa zipatazi sanyengerera munthu. Usakangane nawo.

Kuchoka Nata kukafika Francistown ndi makilomita pafupifupi 190. Chigawo ichi chimakonda kukumbika, makamaka mvula ikagwa, ndipo m'mphepete muli ng'ombe, mbuzi ndi abulu osakusidwa. Uyende modekha, mugone ku Francistown. Ukafika dzuwa likadalipo ndithu ndipo thupi lili bwino, ukhoza kukankhira mpaka Palapye, makilomita ena pafupifupi 165, koma kukayamba kufiira kumadzulo, ima pamene ulipo. Liwiro la pa msewu waukulu ku Botswana ndi 120, koma ukamalowa m'midzi zikwangwani zimatsika kufika pa 80, kenako 60. Utsike nazo pomwepo, usadikire kuona nyumba. Apolisi akumeneko amakhala ndi makina awo pansi pa mtengo, ndipo chindapusa chake chikhoza kudya ndalama ya pogona.

Tsiku lachitatu, pa Palapye uli ndi zosankha ziwiri. Yachidule ndi kukhotera kumanzere kupita ku Martin's Drift, mbali ya South Africa amati Groblersbrug. Ukaoloka mtsinje wa Limpopo umatsata msewu wa N11 mpaka Mokopane, n'kulowa mu N1 yopita ku Pretoria ndi Johannesburg. Koma pamenepa ndi podzera mathiraki ambiri, ndipo Limpopo akasefukira nthawi ya mvula bodayo amaitseka. Ndiye usiku wake ufunse pamene wagonapo, kapena madalaivala a mathiraki pomwetsera mafuta. Akati madzi akwera kapena mzere watalika, pitirira ndi A1 mpaka Gaborone, ukaolokere pa Tlokweng, udzere ku Zeerust n'kutsata N4 kudutsa Rustenburg. Ndi yozungulirako pang'ono koma imafikitsa. Safunsa anadya phula, mphwanga. Ngakhale musananyamuke, upite pa Intercity, pokwerera mabasi paja, ukacheze ndi madalaivala a mabasi a ku Johannesburg, amene adutsa sabata yomweyo ndi amene amadziwa pamene pakumbika.

Misewu ya N1 ndi N4 ili ndi matologeti angapo, ukhale ndi ma rand m'manja. Ndipo uwerengere kuti mu Johannesburg ulowe kukuwala. Mzinda umene sunayendetsemo, misewu ya mizere inayi, ana atatopa, iwe ukuyang'ana foni mu mdima, ayi. Abale amene ukupitako akutumizire malo awo pa foni usanaoloke boda, ndipo mapu uwasungiretu m'foni, poti netiweki ya kwathu imathera pa mlatho. Chokoma n'chakuti maiko onsewa timayendera kumanzere ndipo nthawi ndi imodzi, wotchi suikhudza.

Za mapepala tsopano, ndipo izi uyambe mawa, osati sabata yonyamuka. White Book, chikalata cha umwini wa galimoto chija, ikhale yeniyeni, osati fotokope yokha. Kalata ya Interpol yochokera ku polisi yosonyeza kuti galimotoyo si yakuba, imeneyi imatenga nthawi, ndiye ndi yoyamba kuithamangira. Wati galimotoyo unagula pa ngongole ya kuntchito. Ngati dzina la pa White Book si lako, kapena banki ikadali ndi gawo, ukatenge kalata yodindidwa yokuloleza kutuluka nayo m'dziko, itchule maiko amene ukupita ndi masiku ake. Popanda imeneyo udzabwerera pa Kazungula ana akulira. Laisensi yako, road tax, fitness ndi inshuwalansi, uone kuti sizithera m'njira. Pa boda a ZRA, a msonkho a ku Zambia, adzakupatsa pepala lotulutsira galimoto kwa kanthawi, ulisunge bwino chifukwa pobwera adzalifuna.

Yellow Card imene anzako akukuuzayo, inshuwalansi ya galimoto ya bungwe la zamalonda la COMESA, imagwira ku Zimbabwe, ku Malawi ndi maiko ena a COMESA. Botswana ndi South Africa sali m'bungwe limenelo. Ku Botswana umalipira za msewu ndi za ngozi pa boda pomwepo, mu pula, ndiye usinthiretu ma pula pang'ono ku bureau konkuno ku Lusaka. Upitenso kwa a inshuwalansi yako uwafunse maso ndi maso ngati galimoto ikagundidwa kunja kwa Zambia adzalipira. Akati ayi, uwonjezere ndalama akulembere. Ana aliyense pasipoti yake, ndi setifiketi yobadwira yosonyeza maina a makolo onse awiri, a Botswana amaifunsa. Poti mukuyenda nonse awiri palibe vuto, koma zitati zasintha akazi ako n'kutsalira kapena kubwerera paokha ndi ana, pafunika kalata yolumbira ya kholo limene palibepo. Zonsezi uchite mafotokope awiri awiri, ena m'chikwama cha akazi ako.

M'galimoto mukhale matrayango awiri, chozimitsira moto, chovala chowala usiku chija, jeke yogwira ntchito ndi sipanala yokwana manati ako. Tayala la sipeya ulitsitse, ulipope, ulione ndi maso. Madzi akumwa ochuluka, osachepera malita 10, chifukwa Disembala wa ku Nata amaotcha ndipo galimoto ikakufera m'tchire muja wothandiza sabwera msanga. Katundu asakwere mpaka kutseka galasi lakumbuyo. Ndikudziwa alongo anga adzabwera ndi matumba a ufa ndi kapenta kuti ukapatse abale, uwauze kuti malume akaniza. Kulemera kumadya matayala pa msewu wotentha, ndipo zakudya zina pa boda amalanda.

Tulo tikakugwira, usatsegule windo n'kumati ndipirira. Ima pamalo pa anthu, pomwetsera mafuta, ugone mphindi 20. Akazi ako akhale maso kutsogolo nawe, azikuyankhulitsa, aziwerenga zikwangwani. Maola awiri aliwonse muziima, ngakhale ana asanapemphe.

Pobwerera mu Januwale, ngati mtima ukufuna kuona Harare, tidzakambirana, poti pamenepo pafunika Yellow Card, madola a ku America a matologeti ndi pepala la ZIMRA, a msonkho a ku Zimbabwe, lolowetsera galimoto. Koma za ulendo wopita, tatha: Livingstone, Francistown, Johannesburg, masiku atatu, ndipo malo ogona awiriwo uimbiretu foni sabata ino asanadzaze. Loweruka m'mawa ubwere nayo galimotoyo kuno, tipite nayo kwa makaniko wanga akaone mabuleki, mafani belti ndi madzi a injini. Ubwere ndi White Book ndione dzina lili pamenepo. Uwapatse moni onse kunyumbako.