Kudziwana ndi Anthu Poyamba Bizinesi: Mawu kwa Amalonda Atsopano a ku Chibavi mu Mzinda wa Mzuzu

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo nonse amene mwasiya mabenchi ndi maokala anu kuti mudzakhale nafe masana ano. Mwandipempha kuti ndilankhule za kudziwana ndi anthu pamene munthu akuyamba bizinesi, ndipo ndiyambe ndi kuwongola mawuwo, chifukwa ambiri akamva zakuti wakuti amadziwana ndi anthu, amaganiza za munthu amene ali ndi nambala ya bwana wa ku ofesi kapena wandale. Ine sindikunena zimenezo. Ndikunena za anthu amene angathe kukuikirani umboni inu palibe, amene wina akawafunsa kuti mayi uja ndingamupatse katundu adzalipire mawa, iwo amayankha mosazengereza kuti mpatseni.

Anthu oterewa simukawafuna kutali, ali m'njira imene katundu wanu amadutsa. Ine ndinayamba ndi mpunga wa Kilombero, umene ndinkakapikula ku Karonga, ndipo ulendo woyamba ndinapita ndi mpamba wanga wonse m'chikwama, osadziwa munthu ngakhale mmodzi. Ndinagula kwa munthu amene anandilandira bwino kwambiri pamsewu. Pamwamba pa thumba panali mpunga wonunkhira, wa maso athunthu, koma nditafika kuno n'kukhuthula, theka lake linali losakaniza ndi mtundu wina komanso wosweka. Amene anandiphunzitsa kupewa zimenezi sanali mlangizi wa zamalonda ayi, anali bambo wina wogwira ntchito pachigayo chopunthira mpunga, amene ndinazolowera kumupatsa moni ndi kumufunsa za kunyumba. Iyeyo ndiye ankadziwa mlimi amene amasakaniza ndi amene sasakaniza, pakuti mpunga wa onsewo umadutsa m'manja mwake, ndipo ndi iye amene anandilumikiza ndi alimi a kumasikimu a Hara ndi Wovwe.

Chimodzimodzinso dalaivala. Aliyense amene wayendapo msewu wa M1 akudziwa mmene magalimoto olemedwa amavutikira pokwera mapiri a Chiweta. Lole ikafera pamenepo usiku, dalaivala wokudziwani amakuimbirani foni, amafunditsa matumba anu kuti asanyowe, ndipo amakuuzani zoona za nthawi imene afike. Amene sakudziwani amangozimitsa foni. Kwa amene mumaoda tomato ndi mbatatesi ku Jenda, kapena nsomba ndi nthochi ku Nkhata Bay, kuchedwa kwa tsiku limodzi kumatha kudya phindu la mwezi wonse, choncho musamuone dalaivala kapena mnyamata wotsitsa katundu ngati munthu wongomulipira n'kumuiwala.

Tsono funso limene limavuta ndi lakuti, kodi munthu wachilendo amayamba bwanji kukhulupiriridwa? Yankho lake ndi lotopetsa kumva, koma palibe lina: amayamba ndi zinthu zazing'ono zimene wanena n'kuzichita. Mukauza wokugulitsani kuti ndalama yotsala mutumiza Lachisanu pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, itumizeni Lachisanu, ndipo ngati zavuta, imbani foni Lachinayi inu eni ake, musadikire kuti akusakeni. Wamalonda wamkulu sakwiya kwenikweni ndi kuchedwa, amakwiya ndi kuthawa. Mukachita zimenezi katatu kapena kanayi, mudzaona kuti tsiku lina adzakuuzani yekha kuti tengani matumba khumi, mudzalipira mukagulitsa, ndipo ngongole yopanda chikole ndi chiwongoladzanja ngati imeneyo palibe banki imene ingakupatseni. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza, ndipo Mzuzu ndi mzinda waung'ono: zimene mwachita kumsika wa Zigwagwa m'mawa, kumsika wa Mataifa amazidziwa dzuwa lisanalowe.

Ndinenepo pang'ono za chilankhulo, popeza ambiri a ife tinachokera kuchigawo chapakati ndi kummwera. N'zoona kuti Chichewa chimamveka pamsika uliwonse muno, koma kuno ndi kwa Atumbuka, ndipo munthu amene wakhala zaka zisanu osaphunzira ngakhale kunena kuti monire, muli uli, kapena yewo, akudzitsekera yekha zitseko. Amene mumapita kumalire a Songwe ndi ku Kyela m'dziko la Tanzania kukaoda zitenje ndi nsapato mukudziwa kuti mawu ochepa a Chiswahili amasintha nkhope ya wogulitsa, nthawi zina ndi mtengo womwe.

Pali gulu lina la anthu limene oyamba kumene amaliona ngati adani, ndilo la ogulitsa katundu wofanana ndi wawo. Mnzanu wa benchi loyandikana nanu ndiye amakusungirani katundu mukapita kumaliro, ndiye amakusinthirani ndalama yaikulu, ndipo ndi iye amene mungasonkherane naye mtengo wa galimoto kuti aliyense alipire theka. Alimi a khofi a ku Misuku, ku Phoka ndi kumapiri a Viphya, aliyense payekha sakanatha kufikitsa khofi wake kumisika ya kunja, koma pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union khofi wawo amadziwika ndi dzina la mzinda uno. Banki m'khonde ndi chipereganyu nazonso ntchito yake si kusunga ndalama kokha. Mmenemo anthu amaonerera mmene mumabwezera, ndipo kawirikawiri makasitomala anu oyamba amachokera momwemo. Chenjezo langa n'lakuti musalowe magulu anayi nthawi imodzi n'kumabwereka kuno kuti mukabweze uko, chifukwa tsiku limene chingwecho chidzaduke, mudzataya mbiri m'magulu onse anayi.

Za maofesi ndidutsapo mwachangu. Kalembetseni bizinesi yanu ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala yolipirira msonkho ku MRA ndi chiphaso ku khonsolo ya mzinda, ndipo ngati mumapanga zakudya zoika m'mapaketi, pitani ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu. Ndikutchula izi chifukwa sukulu, malo ogona alendo kapena sitolo yaikulu, ngakhale akukondeni bwanji, amavutika kukugulani ngati mulibe mapepala ndi malisiti. Mabungwe monga TEVETA, loona za maphunziro a ntchito zamanja, amachititsa maphunziro, ndipo mukapitako musangotenga satifiketi n'kuthamangira minibasi. Chezani ndi amene munakhala naye pafupi, mumve zimene amagulitsa ndi zimene zikumusowa. Mukatenga nambala yake, lembani pambali pake chimene munakambirana, ndipo muimbireni sabata isanathe, osati kudzamukumbukira chaka chamawa mutapanikizika. Ngati mwamva kuti wina akufuna mazira ndipo inu simugulitsa mazira, mulozereni kwa mnzanu amene amagulitsa. Kupatsa n'kuika.

Nkhani ya achibale ndiyo imapweteka, ndipo ndikuona ena akumwetulira. Mlamu wanu akhoza kukupezerani kasitomala wabwino, koma mlamu yemweyo akhoza kutenga katundu pangongole n'kumakupatsani moni chaka chonse ngati palibe chimene chinachitika. Ine ndili ndi kope limodzi limene ndimalembamo aliyense wotenga katundu, kaya ndi mlongo wanga kaya ndi mkulu wa mpingo, ndipo ndimalemba iye akuona, n'kumuwerengera tsiku ndi ndalama yake mokweza. Poyamba ena anakhumudwa, koma amene anakhumudwa kwambiri ndi omwe aja sankafuna kubweza.

Tisanapite ku mafunso, a wapampando, ndikupempha kuti aliyense aimirire, atchule dzina lake, chimene amagulitsa, kumene amaoda, ndi chinthu chimodzi chimene chikumuvuta mwezi uno. Enafe titsegule makope. Tiyambire kwa amayi amene akhala kukhomo uko, amene ndamva kuti amaphika mandasi ndipo akufuna wowabweretsera mafuta ophikira pamtengo wa oda.